Intaneti ikamavuta nthawi ya ntchito yokha, yang'anani mzere wa pa firewall

Funso: Ndimayang'anira netiweki ya ofesi ya anthu pafupifupi 30. Tili ndi firewall ya pfSense, makina olondera pakhomo la netiweki yathu, ndipo intaneti yathu ndi ya 50 Mbit/s potsitsa ndi 10 Mbit/s potumiza. Miyezi iwiri yapitayo ndinayatsa traffic shaper, yomwe imaika mapaketi a deta pamzere n'kusankha oyamba kutuluka, kuti mafoni a pa intaneti asamadukeduke. Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa zonse zimayenda bwino, koma anthu akangochuluka masamba amakana kutseguka, VPN, njira yobisika yolumikizira ofesi ndi malo ena, imaduka, ndipo ndikachita ping, yoyeza nthawi yomwe paketi imatenga kupita ndi kubwera, ndili pa firewall penipeni nthawi zina imandiyankha kuti "No buffer space available". Kampani yomwe imatipatsa intaneti ikuti kwawo kulibe vuto. Mnzanga wina akuti ndikulitse queue, womwe ndi mzere wa mapaketi, ifike pa 1000, apo ayi ndigule makina amphamvu. Nditani?

Yankho: Achimwene, makina musagule kaye, ndipo 1000 wa mnzanuyo muyambe mwamuika pambali. Zonse mwatchulazi zikuloza malo amodzi. Mapaketi akuima pamzere penapake, ndipo mzerewo mwina ndi waufupi moti ena akutayidwa, kapena ndi wautali moti akufika ntchito yawo itatha kale. Kwa munthu yemwe wakhala pa kompyuta matenda awiriwa amaoneka amodzi, tsamba likungozungulira basi, koma mankhwala ake ndi otsutsana. Ntchito yanu yoyamba ndi kupeza kuti mzere womwe wadzazawo uli pati, musanakhudze nambala iliyonse.

Tiyambe ndi uthenga uja. Anthu ambiri akaona "No buffer space available" amathamangira kuganiza kuti RAM yatha. pfSense inamangidwa pa FreeBSD, ndipo kumeneko uthengawu umabwera kawirikawiri pamene pulogalamu yapereka paketi kuti ituluke koma mzere womwe imayenera kulowa wakana chifukwa mulibe malo. Ping yanu inafika pakhomo, n'kupeza modzaza, n'kubwezedwa. Kuti mtima ukhale m'malo pa nkhani ya RAM, lembani `netstat -m` ndipo muyang'ane mizere yomwe ili ndi mawu akuti "denied". Ngati pali ziro paliponse, makina anu sakusowa malo osungira mapaketi, akukana ndi mzere wa shaper kapena wa khadi la netiweki. Poti vutoli linayamba tsiku lomwe munayatsa shaper, ine ndikukayikira shaper yomweyo.

Tsopano tiwerengere malangizo a mnzanu, chifukwa masamu ake ndi apafupi ndipo mukawagwira kamodzi simudzanyengekanso. Paketi yodzaza imakhala ndi mabayiti 1500, omwe ndi mabiti 12,000. Pa chingwe chotumiza 10 Mbit/s, paketi imodzi yotere imatenga mamilisekondi 1.2 kuti ituluke. Mzere wa ALTQ, womwe ndi shaper yakale ya pfSense, umasunga mapaketi 50 ngati simunauze nambala ina. Ukadzaza, paketi yomaliza imadikira mamilisekondi 60. Mukaukulitsa kufika pa 1000, yomaliza idzadikira mamilisekondi 1200, kupitirira sekondi yathunthu. Muyezo wa G.114 wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mafoni ndi kulumikizana, umati mawu a pa foni asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchokera kwa wolankhula kufika kwa womva ngati mukufuna kuti anthu azicheza momasuka. TCP nayo, ndondomeko yomwe makompyuta amatumizirana nayo deta, ikamayamba kulumikizana, imadikira yankho kwa sekondi imodzi yokha isanaganize kuti paketi yasochera n'kutumizanso ina. Ndiye kuti ndi mzere wa 1000 uthenga wodandaula uja udzasowadi, koma mafoni omwe munkafuna kuteteza adzafa, ndipo makompyuta adzayamba kutumiza kawiri zinthu zomwe sizinatayike n'komwe, zangoima pamzere.

Vuto la mizere yotalika mopitirira muyeso lili ndi dzina, bufferbloat, lomwe Jim Gettys analitchukitsa cha mu 2010. Gwero lake ndi mmene TCP imadziwira liwiro la njira. Palibe amene amaiuza kuti chingwe chanu ndi cha 10 Mbit/s. Imangowonjezera liwiro pang'onopang'ono mpaka paketi itatayika, kenako n'kubwerera m'mbuyo. Kutayika kwa paketi ndiye khutu lake. Mukaika mzere waukulu mwaitseka khutu, ndipo imapitiriza kuthira mpaka mzere wonse utadzaza, kenako mzerewo umakhala wodzaza nthawi yonse yomwe fayilo ikupita. Aliyense wobwera pambuyo, kaya ndi funso laling'ono la DNS, lofunsa adiresi ya dzina la tsamba, kaya ndi mawu a pa foni, amaima kumbuyo kwa katundu yenseyo. Ndikunena izi kuti mukaona nambala ya mapaketi otayidwa musachite mantha msanga. Kutaya pang'ono pa mzere wa mafayilo akuluakulu ndi mmene shaper imagwirira ntchito yake. Kumene simuyenera kuona kutaya ndi pa mzere wa mafoni, wa DNS ndi wa ma ACK, timapaketi totsimikiza kuti deta yafika.

Kuyeza kwake kuli motere, ndipo sikufuna chida chogula. Khalani pa kompyuta yolumikizidwa ndi waya, osati Wi-Fi, chifukwa Wi-Fi ili ndi mizere yakeyake yomwe ingakusokonezeni. Tsegulani mawindo atatu. Loyamba lizichita ping ku adiresi ya firewall ya mbali ya ofesi, lachiwiri ku gateway ya kampani ya intaneti, makina awo oyamba omwe mapaketi anu amafikira, lachitatu ku adiresi yakutali monga 1.1.1.1. Asiyeni ayende mphindi ziwiri pa nthawi yomwe ofesi ili zii, ndipo mulembe manambala. Kenako dzazani njira yotumizira mwadala, ndi pulogalamu yoyezera liwiro ya iperf3 ngati muli ndi seva yakunja, apo ayi kwezani fayilo yaikulu pa intaneti. Mukatha chitaninso chimodzimodzi potsitsa. Musaphatikize ziwirizi koyamba, chifukwa mukufuna kudziwa mbali yomwe ikudwala.

Ngati windo loyamba lomwe likukwera kapena kutaya, vuto lili mkati: switch, chingwe, khadi, kapena mzere wa mbali ya ofesi, ya LAN. Ngati loyamba lili phee koma lachiwiri ndi lachitatu akwera limodzi, mapaketi akuima pakati pa firewall ndi kampani ya intaneti, ndipo apa ndi pomwe ndikuyembekeza kuti mupeza zanu. Ngati lachitatu lokha ndi lomwe likuvuta, nkhaniyo ili kutali ndi ofesi yanu.

Mayesowo ali mkati, lowani pa firewall ndi SSH n'kulemba `pfctl -vvsq`. Lamuloli limaonetsa mzere uliwonse ndipo limadzikonzanso pa masekondi 5 aliwonse. Maso anu akhale pa zinthu ziwiri, "dropped pkts" ndi "qlength". Mukaona qlength ili 50/50 ndipo dropped ikukwera ulendo uliwonse, mzere wodzazawo mwaupeza, ndipo dzina lake likuuzani mtundu wa mapaketi omwe akuvutika. Koma pali chithunzi china chomwe chimasokoneza anthu kwambiri. Ping ili pa mamilisekondi mazana angapo, anthu akudandaula, koma mizere yonse ya firewall ikuonetsa 0/50, yopanda kanthu. Munthu amati shaper ndi yosalakwa. Zoona zake n'zakuti shaper sikugwira ntchito n'komwe, chifukwa mzere wasamukira mu modemu kapena mu makina a kampani ya intaneti, komwe malamulo anu safika.

Apa ndichedwepo, chifukwa pagona nkhani yonse. Mzere umapangika pamalo pomwe njira yachepa kwambiri, osati pena paliponse. Firewall yanu imalankhula ndi modemu pa waya wa 1000 Mbit/s. Mukaiuza kuti chingwe ndi cha 10 Mbit/s pamene chenicheni chimapereka 9.3, firewall imatulutsa 10 mokhulupirika, ndipo kotsalako kamaunjikana mu modemu sekondi iliyonse. Modemu zambiri sizisankha kuti uyu ndi wa foni uyu ndi wa fayilo, woyamba kufika ndiye woyamba kutuluka. Kuti ulamuliro ubwerere kwa inu, firewall iyenera kukhala ndiyo malo ochepetsetsa panjira yonse. Yezani liwiro lenileni kangapo, shaper itazimitsidwa, makamaka pa nthawi yomwe intaneti imakhala yolemera, mutenge nambala yotsika mwa zomwe mwapeza, n'kuika shaper pa 90 mpaka 95 peresenti ya nambalayo. Za pa pepala la mgwirizano ndi kampani musaziwerengere. Potsitsa muzisiya mpata wokulirapo, mwina kuyambira pa 85 peresenti, chifukwa kumeneko mapaketi amakufikani atadutsa kale pamalo opapatiza, ndipo chomwe firewall ingachite ndi kuchedwetsa kapena kutaya ena kuti wotumizayo achepetse yekha.

Ndinazionapo ndi maso pa ofesi ina yaing'ono. Ping ku gateway inkakhala pa mamilisekondi 20 ndi kanthu. Laputopu imodzi itangoyamba kukweza mavidiyo a ntchito, manambala anayamba kukwera mzere ndi mzere, 80, 240, 600, mpaka kukakhazikika pafupi ndi 900, pamene mizere ya firewall inali mbee. Tinatsitsa malire otumizira ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, osakhudza china chilichonse. Laputopu ija ikukwezabe, ping inabwerera pansi pa 40, ndipo mayi wina yemwe anali pa foni mbali ina ya chipindacho anasiya kubwereza mawu ake. Mwini ofesi zinamuwawa kumva kuti tasiya dala kagawo ka liwiro lomwe amalipira, ndipo ndinamumvetsa. Koma kagawo kameneko n'komwe kanagula mtendere wa anthu onse.

Nanga ngati mizere ya firewall ndi yomwe ikudzaza? Pamenepo funsani kuti ndani akulowa mzere uti. Paketi iliyonse yomwe sinagwirizane ndi lamulo lililonse imagwera mu mzere wa default, ndipo mumagwera zambiri zomwe eni ake saziganizira. Ping yochokera pa firewall penipeni imatha kugwera mmenemo. Mafunso a DNS omwe Unbound, pulogalamu yomasulira mayina ya pfSense, imatumiza kunja amathanso kugwera mmenemo, pamodzi ndi VPN yanu ngati doko (port) lake simunalilembere lamulo. Ngati mzere wa default munaupatsa malo otsika ndipo mukugwiritsa PRIQ, mtundu wa ALTQ womwe umatumikira mzere wapamwamba poyamba, dziwani kuti PRIQ ilibe chifundo: bola mzere wapamwamba uli ndi paketi, wapansi sulandira kanthu. Zizindikiro zanu zitatu, masamba osatseguka, VPN yoduka ndi ping yobwezedwa, zikufanana kwambiri ndi za anthu atatu omwe atsekeredwa mu mzere umodzi wanjala. Ngakhale pa HFSC kapena CBQ, mitundu ina ya ALTQ, mzere womwe mwautsekera pa 1 Mbit/s umatenga mamilisekondi 12 pa paketi iliyonse yodzaza, ndiye mapaketi 50 ndi mamilisekondi 600 ndipo umadzaza m'kanthawi kochepa.

Kusankha mapaketi poyang'ana nambala ya doko nakonso kunatha mphamvu masiku ano. Tsamba wamba, msonkhano wa pa vidiyo, ndi pulogalamu yosunga mafayilo a ofesi yonse pa seva yakutali, zonse zimatha kudutsa pa doko 443. Mukalipatsa dokolo ulemu, mwapatsanso ulemu katundu wolemera yemwe munkafuna kumubweza m'mbuyo. Komanso kuyambira pomwe QUIC, ndondomeko ina yonyamulira masamba m'malo mwa TCP, inakhazikitsidwa ngati muyezo mu 2021, masamba ambiri akuluakulu amabwera pa UDP 443, ndiye lamulo lolembedwa pa TCP yokha limawaphonya, n'kuwagwetsera mu default muja.

Palinso ma ACK, timapaketi ting'onoting'ono tomwe kompyuta imabweza kunena kuti yalandira. Kutsitsa pa 50 Mbit/s ndi mapaketi opitirira 4,000 pa sekondi, ndipo TCP imayankha kamodzi pa mapaketi awiri aliwonse, ndiye ndi ma ACK pafupifupi 2,000 pa sekondi, omwe amadya pafupifupi 1 Mbit/s ya njira yanu yotumizira. Limenelo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a 10 Mbit/s yanu. Ma ACK akaima pamzere kumbuyo kwa fayilo yomwe wina akukweza, wotumiza wa kutsidyako amadikira, ndipo kutsitsa kumagwa ngakhale njira yotsitsira ili yopanda kanthu. N'chifukwa chake munthu mmodzi wokweza mafayilo amatha kuchedwetsa ofesi yonse. Onani ngati mzere wanu wa ACK uli ndi malo okwanira ndipo sukutaya.

Mukasintha malamulo, kumbukirani kuti pf, pulogalamu yosefa mapaketi ya mkati mwa pfSense, imasankha mzere pa nthawi yomwe kulumikizana kukuyamba, n'kusunga chisankhocho mu state, kaundula wa kulumikizanako. Kulumikizana kwakale kumapitiriza mu mzere wakale. Ambiri amasintha lamulo, n'kuyesa pompo, n'kuona kuti palibe chasintha, n'kubweza chinthu chomwe chinali cholondola. Fafanizani ma state pa Diagnostics, States, koma muchite anthu ataweruka chifukwa zimadula aliyense. Ndipo pa floating rules zopanda quick, lamulo lomaliza kugwirizana ndi paketi ndi lomwe limapambana, osati loyamba.

Mukandifunsa chomwe ndikanachita pa ofesi ya anthu 30, ndikanachotsa mtengo wonse wa mizere ya ALTQ n'kuika ma limiter awiri, oika malire a liwiro, wina wotumiza wina wotsitsa, onse oyendetsa mzere ndi njira ya FQ_CoDel. pfSense inayamba kulola kusankha FQ_CoDel pa tsamba la ma limiter mu 2.4.4, yomwe inatuluka mu 2018. CoDel anaifotokoza koyamba ndi Kathleen Nichols ndi Van Jacobson mu 2012, ndipo nzeru yake ndi yoti siwerenga kuchuluka kwa mapaketi pamzere, imayeza nthawi yomwe paketi yakhala ikudikira. Kudikirako kukakhala pamwamba pa mamilisekondi 5 kwa nthawi yokwana mamilisekondi 100 osatsika, imayamba kutaya kapena kuika chizindikiro pa mapaketi ochepa kuti wotumiza achepetse. Gawo la FQ limagawa mapaketi mu timizere 1024 malinga ndi kukambirana komwe paketi iliyonse yachokera, n'kumatumikira timizereto mosinthanasinthana, ndipo amene amatumiza pang'ono mwa apo ndi apo, monga DNS, ma ACK ndi mawu a pa foni, amadutsa msanga popanda inu kulemba lamulo lililonse. Chomwe ndimaikondera n'chakuti nambala zofunika kuziganizira zimatsala ziwiri zokha, liwiro lotumizira ndi lotsitsira. Mmene ikuyendera mudzaona pa Diagnostics, Limiter Info.

Ili ndi malire ake omwe muyenera kuwadziwa. VPN yolumikiza maofesi awiri imaoneka ngati kukambirana kumodzi, chifukwa zamkati mwake ndi zobisika, ndiye foni ndi fayilo zomwe zili mu VPN imodzi zimagawana kamzere kamodzi. Ngati mafoni anu amadutsa mmenemo, kusankhako kuyenera kuchitika mapaketi asanalowe mu VPN. Pa chingwe chochedwa kwambiri, mwachitsanzo 2 Mbit/s, paketi imodzi yokha imatenga mamilisekondi 6, kupitirira 5 uja, ndiye nambala imeneyo, yomwe imatchedwa target, iyenera kukwezedwa. Ndipo ngati intaneti yanu imabwera pa LTE kapena njira ina yomwe liwiro lake limasinthasintha ndi ola, nambala imodzi yokhazikika sikwanira tsiku lonse. Mukaika ya nthawi yabwino, masana mzere udzathawiranso kwa kampani, choncho muike ya nthawi yoipa.

Kwa ena owerenga omwe firewall yawo si pfSense, maganizo ndi omwewa, chosiyana ndi pomwe mumasuzumira. Pa Linux lamulo ndi `tc -s qdisc show dev eth0`, ndipo muyang'ane backlog ndi dropped. CAKE, yomwe inalowa mu Linux 4.19, imachita ntchito ya malire a liwiro ndi ya FQ-CoDel pamodzi. Ngati mapaketi amadutsa mu Suricata, pulogalamu yofufuza mapaketi oopsa, kudzera pa NFQUEUE, pali mzere wina womwe umadzaza pulogalamuyo ikamachedwa, ndipo `dmesg` imalemba kuti "nf_queue: full". Pa MikroTik, simple queue imayamba ndi mtundu wa default-small womwe umasunga mapaketi 10 okha, ndipo kulumikizana komwe kwalowa mu FastTrack kumalambalala ma simple queue onse. Inunso achimwene, ngati muli ndi Suricata yoyenda inline pa WAN, mbali yoyang'ana intaneti, muizimitse pa nthawi yoyeza kuti muone shaper payokha.

Makina atsopano ali ndi nthawi yake, ndipo umboni wake suvuta kupeza. Lembani `top -aSH` ofesi ili pa chipwirikiti. Ngati core imodzi yakhazikika pa 100 peresenti, kapena `netstat -i` ikuonetsa Ierrs ndi Idrop zikukwera, ndiye kuti makina kapena khadi la netiweki zikulephera. Pa 50 Mbit/s sindikuyembekeza zimenezo, pokhapokha ngati makinawo ndi akale kwambiri kapena mwawasenzetsa ntchito zambiri zofufuza mapaketi. Pali matenda enanso awiri omwe amavala nkhope ya mzere wodzaza. Tebulo la ma state likadzaza, kulumikizana kwatsopano kumakanika pamene kwakale kukuyenda bwinobwino, ndipo `pfctl -si` imaonetsa nambala ya memory ikukwera. Vuto la MTU, kukula kwa paketi komwe njira imalola, lomwe limakonda ma VPN ndi PPPoE yomwe malire ake amakhala 1492, limagwira mapaketi akuluakulu okha, ndipo silisankha ola, limavuta ngakhale pakati pa usiku ofesi ili yopanda munthu. Lanu limabwera anthu akachuluka, n'chifukwa chake awiriwa ndawaika kumapeto.

Za kampani ya intaneti, musakangane nayo ndi mawu akuti intaneti ikuchedwa, chifukwa iwo akayeza pa nthawi yomwe chingwe chili chopanda katundu adzapeza zonse zili bwino, ndipo sadzakhala akunama. Mukamaliza kukonza mbali yanu, siyani ping ya ku gateway yawo iyende tsiku lathunthu, pambali pake pali graph ya WAN ya firewall yanu. Ngati ping ikukwera pa maola omwe inu simukufika ngakhale theka la malire anu, mzerewo uli kwawo, pomwe makasitomala ambiri amagawana njira imodzi. Atumizireni maola enieniwo, manambala a ping ndi graph ya tsiku lomwelo, ndipo muwapemphe ayeze pa ola lomwe mwawasonyezalo.